Wachangu Amalipira Wodikira: Mmene Matimu a NBA Amadzukira Akagwa

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Ikatsika, woulutsa ayambe.)

WOULUTSA: Lero mpira wamiyendo tausiya kaye, tikuoloka nyanja kupita ku America, ku ligi ya basketball yotchedwa NBA. Koma m'bwalo sitikhalitsamo. Tikupita kumaofesi, kwa anthu amene satuluka thukuta koma ndiwo amalamula kuti uyu apite, uyu abwere. Muno ndili ndi mlendo amene amaitsatira kwambiri ligi imeneyi, mmodzi wa aja amadzuka tambala asanalire kuti aonere masewero, poti iwo akamasewera madzulo kuno kumakhala kuli pakati pa usiku. Achimwene, takulandirani.

MLENDO: Zikomo achemwali.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi zinthu ziwiri zimene zikundizunguza mutu. Pa 2 Disembala 2021, timu ya Oklahoma City Thunder inagonja kwa Memphis Grizzlies ndi mapointi 152 kwa 79. Kusiyana kwa mapointi 73, zimene zinali zisanaonekepo chiyambire ligiyi. Pa 22 Juni 2025, timu yomweyo n'kunyamula chikho. Kodi anapeza bwana wachuma amene anawagulira akatswiri?

MLENDO: Ayi ndithu. Ndipo akanampeza bwanayo, malamulo a ligi sakanamulola kugula mwachisawawa. Tiyambe ndi malamulowo, chifukwa munthu wozolowera mpira wamiyendo akangomva kuti timu yagulitsa katswiri wake dala n'kumaluza, amaganiza kuti eni ake apenga. Mu NBA muli matimu 30, ndipo mulibe nkhwangwa. Kuno kwathu timu ikathera kumchira mu Super League imatuluka. Kumeneko ngakhale uthere pansi penipeni, sizoni yotsatira umapezeka momwemo. Kuwonjezera apo, wakumchirayo amapatsidwa mphoto.

WOULUTSA: Mphoto yoluza?

MLENDO: Eya, kudzera mu chimene amati draft. Chaka chilichonse mu Juni, anyamata atsopano ochokera m'makoleji a ku America ndi m'maligi a mayiko ena amaikidwa pamndandanda, matimu n'kumasankha mmodzimmodzi, maulendo awiri, anthu 60 onse pamodzi. Mnyamata sasankha kumene akufuna kupita. Bwana wamkulu wa ligi, Adam Silver, amakwera pansanja, n'kutchula dzina, mnyamatayo n'kunyamuka patebulo pamene wakhala ndi amayi ake, n'kuvala chipewa cha timu imene yamutenga, n'kugwirana chanza ndi bwanayo. Basi, moyo wake wasamukira mumzinda umene mwina sanapondemo phazi. Ndipo amene amayamba kusankha ndi matimu amene sanachite bwino sizoni yathayo.

WOULUTSA: Ndiye bwanji osangoluza masewero onse kuti usankhe koyamba?

MLENDO: Alipo anaganiza choncho, tiwapeza kutsogoloku. Ligi inaziona kalekale, n'chifukwa chake kuyambira 1985 pamachitika maere. Mu 2025 matimu 14 amene sanafike mu ndime yachipulula ndiwo analowa m'maerewo. M'chipinda chotseka mumakhala makina okhala ndi timipira 14 tolembedwa manambala. Amatulutsa timipira tinayi, ndipo manambala anayi otulukawo amakhala kuti anaperekedwa kale kwa timu inayake. Mwa magulu a manambala 1,000 amene amagawidwa, chaka chimenecho matimu atatu akumchira analandira 140 iliyonse. Ndiye kuti ngakhale uluze chotani, mwayi wako wosankha koyamba unali 14 pa 100 basi. Mu 2025 Utah Jazz inapambana masewero 17 okha mwa 82, koma inasankha pa nambala 5. Dallas Mavericks, imene mwayi wake sunafike ngakhale 2 pa 100, ndiyo inagwera nambala 1 n'kutenga Cooper Flagg.

WOULUTSA: Nanga za ndalama mwanena zija?

MLENDO: Pali malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Mu sizoni ya 2024 mpaka 2025 malirewo anali pafupifupi madola 140 miliyoni. Zilipo njira zololedwa zowapitirira, makamaka posunga osewera ako omwe, koma ukapitirira kwambiri umalipira msonkho ku ligi, ndipo msonkhowo umaluma. Apa ndi pamene mnyamata wa draft amakhalira golide. Wosankhidwa mu ulendo woyamba malipiro ake amakhala oikidwa kale, otsika, kwa zaka zinayi. Akakhala katswiri, ndiye kuti uli ndi katswiri pamtengo wa wophunzira ntchito. Chinanso, kumeneko wosewera sagulidwa ndi ndalama ngati mu mpira wamiyendo. Amasinthanitsa. Ndikupatsa wanga, undipatse wako, ndipo kawirikawiri malipiro a mbali ziwirizo amayenera kuyandikana. Pamsika womwewo mumalowanso mipata yosankhira mu draft. Ukhoza kugulitsa mpata wako wa chaka chamawa, ngakhale wa zaka 7 zikubwerazo.

WOULUTSA: Mpata wosankha mwana amene lero ali ku pulayimale.

MLENDO: Ndendende. Tsono mverani nkhani ya Oklahoma City. Mkulu woyendetsa timuyi ndi Sam Presti. Anapatsidwa udindowu mu 2007 ali ndi zaka 30, timu idakali ku Seattle, ikutchedwa SuperSonics, chaka chimodzi isanasamuke. Munthuyu anali ndi diso. Mu 2007 anasankha Kevin Durant pa nambala 2. Mu 2008 anasankha Russell Westbrook pa nambala 4, ndi Serge Ibaka, mnyamata wa ku Congo Brazzaville, pa nambala 24. Mu 2009, James Harden pa nambala 3. Durant, Westbrook ndi Harden onse anadzalandira mphoto ya wosewera woposa onse mu ligi, ija amati MVP. Mu 2012 anyamatawa anafika mu ndime yomaliza, n'kugonja kwa Miami Heat. Aliyense ankati chikho chikubwera, n'nkhani ya nthawi chabe.

WOULUTSA: Sichinabwere?

MLENDO: Sichinabwere. Zaka zinayi zotchipa zija zinali kutha, anyamata onse akufuna malipiro a akatswiri. Oklahoma City ndi mzinda waung'ono pouyerekeza ndi Los Angeles kapena New York, ndipo eni timu ankaopa msonkho uja. Atalephera kugwirizana ndi Harden pa kontrakiti, mu Okutobala 2012 anamutumiza ku Houston Rockets, kumene anamupatsa madola 80 miliyoni kwa zaka zisanu. Ine ndimati apa Presti anaphonya, ndipo ambiri amatero. Kenako mu 2016 kontrakiti ya Durant inatha, iye n'kunyamuka yekha kupita ku Golden State Warriors. Timu sinalandirepo kanthu, ngakhale tambala. Ndikuganiza kuti bala limeneli ndilo linamuphunzitsa Presti kuti katswiri amagulitsidwa akadali ndi mtengo, osadikira kuti achoke yekha.

WOULUTSA: Koma achimwene, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Katswiri uli naye kale, anthu akudzaza bwalo. Umusinthanitse ndi mapepala olonjeza za mawa?

MLENDO: Zimatengera kuti wogulayo ali pachangu chotani. Tatsatirani ulusi uwu. Mu 2016 Presti anapereka Ibaka ku Orlando Magic, n'kulandira Victor Oladipo ndi mnyamata wongosankhidwa kumene, Domantas Sabonis. Mu 2017 awiriwa anawapereka ku Indiana Pacers, n'kulandira Paul George, katswiri weniweni. George anasewera bwino zedi, mu 2019 anali wachitatu pamavoti a MVP, koma timu inkangotulukira mu ulendo woyamba wa ndime yachipulula. Ndiye mu Julayi 2019 kunachitika izi. Kawhi Leonard, amene anali atangotenga chikho ndi Toronto Raptors, anali mfulu, kontrakiti itatha. Los Angeles Clippers inkamufuna ndi mtima wonse. Iye anaonetsa kuti abwera ngati amubweretsera Paul George. George naye anapempha kuti apite. Ndiye taganizani, Clippers ikuimba foni kwa Presti, ndipo Presti akudziwa kuti anthuwa sakugula munthu mmodzi, akugula awiri, ndipo alibe nthawi yoti akaganize kaye.

WOULUTSA: Anawakama.

MLENDO: Anawakama mpaka dontho lomaliza. Analandira mipata isanu ya ulendo woyamba wa draft, ufulu wosinthana mipata m'zaka zina ziwiri ngati wa Clippers utakhala wabwinopo, wosewera wodziwika Danilo Gallinari, ndi mnyamata woonda wa ku Canada amene anali atangosewera sizoni imodzi, akugoletsa mapointi pafupifupi 11 pamasewero aliwonse. Dzina lake Shai Gilgeous-Alexander. Mnyamatayu za kusinthanitsidwa anali atazilawa kale, poti usiku wa draft ya 2018 anasankhidwa ndi Charlotte pa nambala 11, usiku womwewo n'kuperekedwa ku Clippers. Mu sizoni ya 2024 mpaka 2025 ndi yemweyo ankagoletsa mapointi oposa 32, n'kutenga MVP wa ligi ndi MVP wa ndime yomaliza. Clippers ndi akatswiri ake awiri aja sinatenge chikho, ndipo mu 2024 George anachoka.

WOULUTSA: Mwina ndi mwayi wa tsiku limodzi umenewo.

MLENDO: Zikanakhala kuti zinachitika kamodzi, ndikanavomera. Koma onani Boston Celtics mu 2013. Mkulu wa timuyo, Danny Ainge, anali ndi Kevin Garnett ndi Paul Pierce, ngwazi zimene zinabweretsa chikho mu 2008. Pierce anali atakhala ku Boston zaka 15, anthu ankamukonda ngati mwana wa pakhomo. Koma Garnett anali ndi zaka 37, Pierce 35. Ku Brooklyn Nets kunali mwini timu wolemera wa ku Russia, Mikhail Prokhorov, amene ankafuna chikho msanga. Ainge anampatsa madalawo, iye n'kulandira mipata ya Brooklyn ya 2014, 2016 ndi 2018, komanso ufulu wosinthana mu 2017. Brooklyn inachita ngati mlimi wogulitsa chimanga chili m'munda, chisanache, kuti apeze ya lero. Nthawi yokolola itafika, njala ili pakhomo, chimanga n'cha wina. Pierce anangokhala sizoni imodzi. Garnett anachoka mu 2015. Brooklyn inagwa, n'kupambana masewero 21 okha, chaka chotsatira 20, koma mphoto ya kuluza ija inkapita ku Boston. Mu 2016 Boston inasankha Jaylen Brown pa nambala 3. Mu 2017 mpata wa Brooklyn unagwera nambala 1, Ainge n'kuugulitsanso ku Philadelphia, n'kutsikira pa nambala 3, n'kutenga Jayson Tatum, kuwonjezerapo mpata wina. Brown ndi Tatum ndiwo anabweretsa chikho cha 2024, cha nambala 18 m'mbiri ya Boston.

WOULUTSA: Kodi ligi imangoyang'ana timu ikudzipha choncho?

MLENDO: Lilipo lamulo, ndipo dzina lake ndi lochititsa manyazi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mwini Cleveland Cavaliers, Ted Stepien, anamwaza mipata ya timu yake mosaganiza, mpaka ligi inalowererapo. Lero timu siloledwa kudzisiya yopanda mpata wa ulendo woyamba zaka ziwiri zotsatizana za kutsogolo, ndipo lamulolo limatchedwa ndi dzina la mkuluyo. N'chifukwa chake mwamva ndikuti 2014, 2016, 2018, kulumpha chaka. Koma akatswiri a m'maofesi anapeza podzera, ndiwo ufulu wosinthana uja, umene umadzaza zaka za pakatizo.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mmene matimu a basketball a NBA amadzimangiranso akagwa. Achimwene, munalonjeza kutiuza za amene anaganiza zoluza dala.

MLENDO: Philadelphia 76ers. Mu 2013 analemba ntchito Sam Hinkie, munthu wa masamu ndi makompyuta. Iye anaona kuti malo oipitsitsa mu NBA si kumchira ayi, ndi pakati. Ukakhala pakati, sutenga chikho, komanso susankha koyambirira, ndiye umakhala pomwepo zaka ndi zaka. Mu basketball m'bwalo mumakhala anthu asanu okha mbali iliyonse, kotero katswiri mmodzi amasintha zonse. Hinkie anati tiyeni tigwe pansi penipeni mpaka timpeze katswiriyo. Anayamba ndi kugulitsa wosewera wawo wabwino, Jrue Holiday. Sizoni yoyamba anapambana masewero 19, yachiwiri 18, yachitatu 10 mwa 82. Panthawi ina anagonja masewero 28 motsatizana. Masapota ena anaikonda nzeruyo, ankaitchula kuti The Process, koma eni matimu ena anadandaula, poti timu yotere ikabwera pabwalo pako matikiti sayenda. Kumapeto kwa 2015 eni timu anamuikira mkulu wina pamwamba, ndipo mu Epulo 2016 Hinkie anatula pansi udindo. Kenako ligi inasintha maere aja. Kale wakumchira anali ndi mwayi wa 25 pa 100, kuyambira 2019 ndi pamene unatsika kufika 14.

WOULUTSA: Koma katswiri anampeza?

MLENDO: Anampeza. Joel Embiid wa ku Cameroon, pa nambala 3 mu 2014. Anakhala masizoni awiri osasewera chifukwa cha phazi, koma mu 2023 anatenga MVP. Ndiye sindinganene kuti Hinkie analakwitsa zonse. Vuto ndi ena onse aja. Jahlil Okafor, nambala 3 mu 2015, sanapite patali. Ben Simmons, nambala 1 mu 2016, anayamba bwino, n'kudzachoka atayambana ndi timu. Markelle Fultz, amene mkulu wolowa m'malo mwa Hinkie analipira Boston kuti amutenge pa nambala 1 mu 2017, phewa linamuvuta, kaponyedwe kake n'kusokonekera. Pofika 2025, Philadelphia inali isanafikebe m'gulu la matimu anayi otsiriza chichokere 2001. Ine ndimaonanso kuti kuluza kumalowa m'magazi. Mnyamata wa zaka 19 akakhala zaka zitatu m'chipinda chovalira mmene mulibe wamkulu womuwongolera, mmene aliyense akudziwa kuti mabwana sakufuna kupambana, amaphunzira zizolowezi zimene sizichoka msanga.

WOULUTSA: Tsono Presti anasiyana naye pati? Poti nayenso analuza, mpaka mapointi 73 aja.

MLENDO: Analuza, ndipo tisamuyeretse. Mu Malichi 2021 timu inagwirizana ndi Al Horford, wosewera wamkulu wathanzi lake, kuti asasewerenso sizoni imeneyo. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti akufuna kupatsa mpata achinyamata, koma aliyense ankadziwa kuti maere nawo ali m'maganizo. Kusiyana kwake kuli pawiri. Choyamba, anagwa zaka ziwiri zokha, masewero 22 opambana, kenako 24, ndipo anagwa ali kale ndi katswiri m'nyumba, Gilgeous-Alexander. Sizoni yoyamba ya mnyamatayu ku Oklahoma City anasewera pambali pa Chris Paul, mkulu wodziwa mpira amene anabwera posinthana ndi Westbrook, ndipo timu inafika mu ndime yachipulula. Anaona ndi maso mmene katswiri amakonzekerera masewero. Chachiwiri, Presti sanadalire kuluza kwa timu yake kokha. Anali ndi mipata ya ena. Clippers ikadwala, iye amapindula. Ndi zimene zinachitika mu 2022. Kawhi Leonard anakhala sizoni yonse osasewera chifukwa cha bondo, mpata wa Clippers n'kugwera pa nambala 12, Presti n'kusankha Jalen Williams wa ku koleji yaing'ono ya Santa Clara. Williams yemweyo anagoletsa mapointi 40 m'masewero achisanu a ndime yomaliza mu 2025. Mu draft yomweyo ya 2022, ndi mpata wa timu yake, anatenga Chet Holmgren pa nambala 2.

WOULUTSA: Ndinamva kuti panthawi ina anali ndi mipata yochuluka kuposa malo a osewera.

MLENDO: N'zoona, ndipo anthu ankamuseka, poti timu imakhala ndi osewera 15 okha. Ena mwa mipatayo anaipeza mochenjera kwambiri. Timu ikakhala ndi wosewera wodula amene sakuifunanso, ikuopa msonkho, Presti ankati bweretsani kuno, ine ndili ndi malo m'bajeti, koma mundilipire ndi mpata. Horford uja anabwera choncho kuchokera ku Philadelphia. Patapita miyezi, anamupereka ku Boston, n'kulandira kontrakiti ina yolemera ya Kemba Walker pamodzi ndi mpata winanso. Munthu mmodzi, kudya kawiri. Koma funsani kuti mipata yambiri chonchi ya chiyani. Yankho n'lakuti palibe amene amadziwa kusankha. Ngakhale amene amalipidwa mamiliyoni kuti aziyendayenda kuonera anyamata amaphonya kawirikawiri. Mu 2009, Memphis inasankha pa nambala 2 Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, mnansi wathu, wamtali zedi. Sizinamuyendere. Pambuyo pake panali Harden pa nambala 3 ndi Stephen Curry pa nambala 7. Giannis Antetokounmpo, wobadwira ku Greece kwa makolo a ku Nigeria, anatengedwa pa nambala 15 mu 2013, n'kudzapatsa Milwaukee chikho mu 2021. Nikola Jokić wa ku Serbia, matimu anamudutsa mpaka nambala 41 mu 2014, koma ndiye anapatsa Denver chikho mu 2023. Presti mwiniwakeyo, mu 2021 anali ndi nambala 16, imene inagwera Alperen Şengün wa ku Turkey, iye n'kumupereka ku Houston posinthana ndi mipata ina iwiri. Şengün lero ndi katswiri. Ndiye ukadziwa kuti uphonya ndithu, umafuna kuponya kambiri.

WOULUTSA: Nanga aphunzitsi? Kuno timu ikagonja katatu, kochi ali pamsewu.

MLENDO: Apa ndi pamene ine ndimawapatsira ulemu eni timu ya Oklahoma City. Mu Novembala 2020 anakweza Mark Daigneault, amene ankaphunzitsa timu yawo yaing'ono ya achinyamata asanakhale wothandizira ku timu yaikulu. Sanali dzina lodziwika. Ndiye anali pabenchi tsiku la mapointi 73 lija. Sanamuchotse. Ankamuyesa poona ngati anyamata akukula, osati poona tebulo la ligi. Ndipo ankakuladi. Tengani Luguentz Dort wa ku Montreal, amene mu 2019 matimu onse 30 anamudutsa, osasankhidwa n'komwe. Analowera ku timu yaing'ono ija, lero ndi mmodzi wa otchinga oopsa mu ligi yonse. Holmgren anavulala phazi asanasewere ngakhale kamodzi, n'kukhala sizoni yonse panja. Sanamuthamangitse kuti abwerere msanga. Timu inakwera kufika masewero 40 opambana, kenako 57 mu 2024, kenako 68.

WOULUTSA: Pakati pa 57 ndi 68 panachitika chiyani?

MLENDO: Panachitika chimene anthu okonda kusunga mipata amachiiwala, kudziwa nthawi yosiya kusunga. Mu 2024 anagonja kwa Dallas mu ndime yachipulula, ndipo zofooka zinaonekera poyera. Ankalandidwa mipira yobwerera pansi pa basiketi chifukwa chosowa munthu wa thupi lalikulu. Presti sanathamangire dzina lalikulu. Anasayinitsa Isaiah Hartenstein, chimphona chogwira ntchito zakuda, kwa zaka zitatu pamtengo wa madola 87 miliyoni. Anaperekanso Josh Giddey wa ku Australia, mnyamata wa zaka 21 amene iye mwini anamusankha pa nambala 6, kuti alandire Alex Caruso wa zaka 30 kuchokera ku Chicago Bulls. Papepala Giddey ali ndi tsogolo lalitali. Koma Giddey amafuna mpira m'manja, ndipo mpirawo unali kale ndi mwini wake. Caruso safuna mpira, amafuna kulanda mpira. Kumanga timu si kuunjika aluso, n'kuona amene angakhalire limodzi.

WOULUTSA: Mukukamba ngati anthuwa ndi katundu wa pamsika. Sizikukupwetekani?

MLENDO: Zimapweteka, achemwali, ndipo mbali imeneyi sindiikonda. Osewera ambiri alibe mphamvu yokana. Munthu akhoza kudzuka m'mawa n'kumva pafoni kuti wasamutsidwa, ana ali pasukulu, nyumba wangogula kumene. Mu 2018 Masai Ujiri wa ku Nigeria, amene ankayendetsa Toronto Raptors, anapereka DeMar DeRozan ku San Antonio kuti alandire Kawhi Leonard. DeRozan anali atatumikira Toronto zaka 9, ankaukonda mzindawo, ndipo sanabise kuti zinamuwawa. Leonard anali ndi chaka chimodzi chokha pa kontrakiti, akuchokera kovulala. Ujiri anatchova juga, inamuyendera, Toronto n'kutenga chikho chake choyamba mu 2019, Pascal Siakam wa ku Cameroon ali m'gululo. Leonard anachoka chaka chomwecho. Kodi Ujiri analakwa? Masapota a Toronto angakuuzeni kuti ayi. Koma amene analipira mtengo wa chikho chimenecho ndi munthu amene sanachigwire n'komwe.

WOULUTSA: Ndiye pali nthawi imene wachangu amapambana.

MLENDO: Ilipo, ngati timu yako yatsala sitepe imodzi. Toronto inali itatsala sitepe imodzi, ndipo sinapinyolitse zaka zisanu, inapereka mpata umodzi wokha. Brooklyn inkadziyesa kuti yatsala sitepe imodzi pamene inali kutali. Luso lalikulu la mkulu wa timu ndi kudziyeza moona mtima, ndipo ambiri amalephera chifukwa ntchito yawo ili pachiswe. Munthu amene akuopa kuchotsedwa chaka chino sasamala za mpata wa zaka zisanu zikubwerazo, adzavutike nazo wina. Presti wakhala pampando kuyambira 2007. Akhoza kudikira chifukwa akudziwa kuti adzakhalapo.

Ndipo mwayi tisauiwale. Mu ndime yomaliza ya 2025 Oklahoma City inakumana ndi Indiana Pacers. Mukukumbukira Sabonis uja anapita ku Indiana posinthana ndi Paul George? Mu 2022 Indiana inamupereka ku Sacramento Kings, n'kulandira Tyrese Haliburton, amene anadzakhala mtsogoleri wa timuyo. Ndiye matimu onse awiri anafika pamenepo chifukwa chogulitsa munthu mmodzi yemweyo, Paul George. Anafika mpaka masewero achisanu ndi chiwiri, otsiriza. M'chigawo choyamba, Haliburton, amene anayamba motentha, anaduka mtsempha wa kuchidendene n'kutuluka. Oklahoma City inapambana 103 kwa 91. Akanapanda kuvulala, mwina bwenzi lero tikuyamika nzeru za ku Indiana.

WOULUTSA: Tsono poti timuyi ndi ya achinyamata, ndiye kuti ilamulira zaka khumi?

MLENDO: Malamulo anapangidwa dala kuti zimenezo zivute. Mgwirizano wa ligi ndi bungwe la osewera wa 2023 unaika mzere wina pamwamba pa msonkho uja. Ukaudutsa, si ndalama zokha zimene umataya, amakumanganso manja pa zosinthanitsa osewera. Boston inatenga chikho mu 2024. Mu Meyi 2025 Tatum anaduka mtsempha wa kuchidendene, ndipo mwezi wotsatira timu inapereka Jrue Holiday ku Portland ndi Kristaps Porziņģis ku Atlanta kuti itsike pansi pa mzerewo. Chaka chimodzi chokha chitengereni chikho. Ku Oklahoma City, mu Julayi 2025 Gilgeous-Alexander anasayinira zaka zina zinayi pamtengo wa madola pafupifupi 285 miliyoni, Williams ndi Holmgren nawonso n'kupatsidwa makontrakiti aakulu a zaka zisanu. Ulendo uno Presti walipira onse atatu, zimene sanachite nthawi ya Harden. Koma ndalama zikathera pa atatu, ena owazungulira aja adzayenera kuchoka mmodzimmodzi, ndipo olowa m'malo mwawo ayenera kukhala otchipa. Ndi pamene mipata yotsala ija idzagwire ntchito, kuphatikizapo ina yochokerabe ku Clippers.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, achimwene.

MLENDO: Zikomo achemwali.

WOULUTSA: Omvera athu, tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera.)